Tsiku Limene Tonde Anakweza Mayi Kuphiri

Bambo anandidzutsa kunja kusanache. Ndinali nditagona pamphasa pakati pa amayi anzanga, m'chipinda mmene munali bokosi la Mayi, ndipo ndinangomva nsonga ya ndodo ikundigogoda kuphazi. Iwo anaima pakhomo osalowa. Anandikodola ndi mutu, n'kutembenuka. Ndinamanga bwino kapulana, chitenje changa chija, ndinadumpha miyendo ya anthu ogona, n'kutuluka.

Panja panali nkhungu yonyowetsa. Moto wa amuna unali utatsala makala okhaokha, ndipo ambiri anali atagona chokhala, atafunda majekete kumutu. Akwaya amene anachezera kuimba anali atasasa mawu, moti panangotsala amayi ochepa achikulire akung'ung'udza nyimbo imodzimodzi. Kuseri kwa nkhokwe ena anali atayamba kale kuwaza nkhuni ndi kutsuka migolo yophikira nyemba. Apa panali pakhomo pa Malume, mlongo wawo wa Mayi, m'munsi mwa phiri ku Ngauma, chakufupi ndi Massangulo. Tinafika dzulo lake kuchokera ku Cuamba, kudzera ku Mandimba, pa lole yobwereka, imene kwathu timati kamiyawu. Kamiyawuyo inathera pomwepo, chifukwa kupitirira pa Malume kulibenso msewu woti galimoto yaikulu n'kuyendamo. Inatsitsa bokosi, inatsitsa ife, kenaka inatsitsa Tonde.

Tonde ndi kagalimoto kopanda zitseko, ka mipando iwiri, kumbuyo kuli malo oikapo katundu, matayala ake akuluakulu a mano. Bambo anakagula katatheratu kwa kampani ina yodzala mitengo imene inkatseka, n'kukadzutsa ndi manja awo. Anthu anakapatsa dzinalo chifukwa kamakwera pamiyala ngati mbuzi, komanso kamanunkha.

Bambo sanamuyendetsepo Tonde. Mwendo wawo wamanja unaphwanyika ali pantchito mu ofisina ya njanji, mokonzera masitima, ku Cuamba, ndipo sutha kuponda kanthu mwamphamvu. Iwo anali wokonza, woyendetsa anali Mayi. Atapuma ntchito anakakhala kwawo kwa Mayi, pamwamba penipeni pa phirilo, ndipo kwa zaka zambiri Mayi ankatsika ndi kukwera njira imeneyo atamanga duku lothina, atanyamula mabelo a fodya, matumba a chimanga, odwala, ndi amayi amene nthawi yawo yakwana. Matenda atawagwira, ndinawatenga onse awiri kuti azikhala kwanga ku Cuamba, pafupi ndi chipatala. Tonde anabwera nawo, ndipo amuna anga ankatutira njerwa ndi madzi m'tauni, mmene msewu uli see.

Mayi anali atanena, osati kamodzi, kuti akaikidwe kumtunda, pafupi ndi amayi awo ndi ana awo awiri amene anamwalira ali makanda. N'chifukwa chake tinabwera naye Tonde. Koma madzulo titangofika, amuna anga anamuyesa pachitunda choyamba atakweza amuna angapo, ndipo Tonde anabuula, anatsokomola, n'kuima pakati. Fungo la lamba wopserera linafika mpaka pasiwa. Anamubweza chomukankha.

Malume anaitana akubanja n'kulankhula modekha. Njira ndi yaitali, pakati pali mtsinje umene umasefukira mvula ikangogwa, ndipo mwezi umenewo mvula inkabwera masana aliwonse. Anyamata akanatha kunyamula bokosi pamapewa, koma Bambo sakanatha kuyenda, ndipo kunyamula anthu awiri, wakufa ndi wamoyo, panjira yoterera ija, mdima ukanatipeza tisanafike. Panatsala ziwiri: Mayi apite kumtunda Bambo atsale, kapena Mayi aikidwe kumanda a tchalitchi chapafupi Bambo akuona. Malume anapendekera ku chachiwiri, n'kunena kuti mawu omaliza apereka m'mawa. Abale akumtunda anayankha kuti iwo akumba basi, zikakanika akwiriramo thunthu la nthochi.

Tsopano Bambo anali kutsogolo kwanga mu nkhungu ija, akutsimphina molunjika kuseri kwa chigafa cha fodya kumene Tonde anaima. Pansi anali atayala kale chiguduli, mashavi omasulira mabawuti atawandanda mwa kukula kwake.

"Manja anga akana," anatero, akundionetsa mmene ankanjenjemera. "Lero manja anga ndi akowo. Masula chivindikiro icho."

Ine ndimasoka zovala. Koma ndinakula ndikuwapatsira Bambo zitsulo akamakonza njinga zamoto ndi zigayo za anthu Loweruka, ndipo shavi itangokhala m'dzanja langa ndinadziwa koitembenuzira. Ndinakwinya kapulana, n'kugwada m'matope.

M'kati mwa chivindikirocho muli embrayaji, chimene abale athu a ku Malawi amati kilatchi. Ya Tonde si yoponda ndi phazi. Pali magudumu awiri achitsulo olumikizidwa ndi lamba wokhuthala, ndipo m'gudumu lakutsogolo muli tizitsulo titatu topindika ngati zala. Injini ikamazungulira, tizitsuloto timatambasukira kunja n'kufinya lamba, galimoto n'kumawonjezera liwiro yokha. Tikakhala tolemera, timafinya msanga. Bambo anaikamo tolemera ku Cuamba, kumene n'kotsika ndipo injini imapuma mokwanira. Topepuka takale tija tinali titaperepeseka, anataya.

"Kuno mpweya ndi wopyapyala," anatero. "Injini ikupuma ngati munthu wa mphumu, ndiye tizitsulo iti tikuiuza kuti thamanga isanakoke n'komwe mpweya. Tikapepuka, iziyamba yapeza mphamvu, kenaka inyamule."

"Nanga topepukato titipeza kuti kuno, Bambo?"

Anapisa m'thumba la jekete ya suti imene anavalira maliro, n'kutulutsa tupa.

Kuchokera tsiku limene Mayi anatsirizika ndinali ngati munthu woyenda m'madzi, koma apa ndinamva magazi akuthamanga. Ndinachotsa lamba. Ndinamasula mabawuti a mbale yophimba pang'onopang'ono, mbali ndi mbali, monga anandiuzira, chifukwa pansi pake pali mola, chitsulo chopota chija, chimene chimatha kukudumphira kumaso. Tizitsulo titatu tija tinatuluka n'kugona pachiguduli, takuda bii ndi fumbi la lamba. Bambo analemba ndi msomali pamene ndiyenera kupala: kumsana kokha, chakunsonga, osakhudza mbali yosalala imene imatsetsereka. Anandichenjeza kuti chimene wapala sichibwerera. Ukapyola, injini imangokuwa galimoto ili pamodzimodzi. Ndipo tonse titatu tiyenera kulemera chimodzimodzi, apo ayi Tonde azinjenjemera mpaka kuthyola kanthu. Amuna anga anatipeza tili apo. Anapana kachitsulo koyamba ndi pulayala pachitsa cha mtengo, ine n'kuyamba kupala.

Kunja kunayera tikupala. Nkhungu inayamba kunyamuka, utsi wa moto wophikira n'kulowa m'malo mwake, ndipo anthu anayamba kufika. Ena anachokera ku Mandimba panjinga zakapalasa, awiriawiri. Panafika madala a ku njanji amene anagwira ntchito ndi Bambo, atavala majekete otuwa, akulankhula Chimakhuwa chosakaniza ndi Chipwitikizi. Panafika abale a tsidya la ku Malawi, ndiponso anthu akumtunda amene anatsika mbandakucha, matope mpaka m'maondo, mitolo ya nkhuni ndi malichero a ufa ali pamutu. Aliyense ankayamba kulira akadali kumsewu, n'kulowa pasiwa, n'kutuluka kuti akapepese mwamuna wa malemu. Pamphasa pamene Bambo anayenera kukhala panalibe munthu. Ankawalozera kuseri kwa chigafa, ndipo kumeneko ankapeza namfedwa atakhala pachidebe, akuyang'anitsitsa mwana wake wamkazi akukwecha chitsulo.

Ndinkamva manong'onong'o. Mayi wina wachikulire wa kubanja anabwera kudzandikoka, akunena kuti mwana wa malemu sakhala ndi girisi mpaka m'zigongono amake ali m'nyumba. Anayang'ana nkhope ya Bambo, anandisiya, anapita. Atabwerera anali ndi makapu a tiyi ndi chinangwa chophika.

Vuto linali pa kuyeza. Kale Bambo ankayeza ndi chikhato, koma manja onjenjemera sayeza kanthu. Pagulu limene linatizungulira panali mayi wina wa ku Cuamba, mnzawo wa Mayi wa kutchalitchi, amene amagula timiyala tofiira kwa anthu okumba. Anamasula mfundo ya kapulana yake n'kutulutsa kasikelo ka batire, kakang'ono ngati foni. Anakhala pansi, anakaika pambale yozondotsa, ndipo kuyambira pamenepo ntchito yoyeza inali yake. Ankaikapo kachitsulo, n'kutsinzina diso limodzi, n'kunena kuti aka kakadali kolemera. Ankauza Bambo m'Chimakhuwa, n'kubwereza m'Chinyanja kuti onse amve. Anthu anayamba kuyankhira. Kachitsulo kakafanana ndi kanzake, ankati eyaa onse pamodzi, motsitsa mawu chifukwa cha maliro.

Bambo anapitisa chala pamagudumu aja n'kupeza kuti ndi oterera ndi utoto wa lamba wopserera. Panafunika chotsukira chosasiya mafuta. Anatembenukira kwa adzukulu, amene anakhala chapatali ndi makasu awo kudikira mawu a Malume, n'kufunsa ngati alipo ali ndi kam'botolo. Onse anapukusa mitu, pakuti akatekista anali ataima pomwepo. Akatekistawo anatembenuka n'kuyamba kuyang'ana phiri, nthawi yaitali ndithu, ngati sanalionepo. Botolo la kachasu linatuluka m'jombo ya mdzukulu wina n'kuyenda dzanja ndi dzanja mpaka kwa ine. Wina anaphulika kuseka, n'kudzitseka pakamwa ndi chipewa. Ndinatsuka magudumuwo mpaka anawala, ndipo lamba ndinamukwecha pang'ono kuti achoke ulesi.

Titabwezeretsa zonse, amuna anga analiza injini, anakweza amuna aja, n'kulunjika pachitunda chimene chinawakana dzulo. Tonde anakwera. Anthu anayamba kuomba m'manja, koma Bambo anali atatsinzina, mutu atapendeketsa, akumvetsera.

"Ikadali kulira cham'mimba," anatero. "Ndikufuna ilire pammero. Kumtunda kuli zitunda zoposa ichi, ndipo mpweya ndi wochepa kuposa pano. Masulanso."

Nthawi yomweyo anafika Malume. Maso awo anali ofiira ndi tulo. Analoza chakumadzulo, mbali ya ku Malawi, kumene mitambo inali itayamba kuunjikana.

"Alamu, dzuwa lakwera. Adzukulu akufuna mawu."

"Ndipatseni nthawi ya mapemphero yokha," anayankha Bambo. "Akamati amen, mukamva Tonde ali pakhomo, tikwera. Mukapanda kumumva, kumbani konkuno, sindinenanso kanthu."

"Akatekista athuwa satalikitsa," anatero Malume.

Akatekista anakonza kolala ya malaya awo. "Lero ndili ndi mawu ambiri," anatero.

Choncho mapemphero a maliro a mayi anga ndinawamvera kuseri kwa chigafa, ndikupala chitsulo. Zinandiwawa, sindikana. Ndinamva bokosi likutulutsidwa pabwalo, ndinamva kulira kukukwera, ndipo misozi inkagwera patupa. Koma dzanja silinaime. Akatekista anawerenga mawu, anawamasulira m'Chinyanja, anabwereza m'Chipwitikizi chifukwa cha alendo, kenaka anapempha wina kuti anenenso m'Chiyao. Akwaya ankati akafika kumapeto kwa nyimbo, n'kuyambiranso ndime yoyamba. Ndinazindikira kuti tupa ikuyenda mogwirizana ndi nyimbo. Chala changa chinachekeka, mayi wa kasikelo uja anachimanga ndi kansanza osasiya kuyeza. Atanena kuti tonse titatu tafanana, ndinabwezeretsa mofulumira: tizitsulo, mola, mbale, lamba, chivindikiro. Nthawi yoyesanso pachitunda panalibe.

Amuna anga anadzuka kuti akhale pampando woyendetsera. Bambo anapingasa ndodo.

"Akhale uyu. Amake anamuphunzitsa panjira yomweyi."

Zinali zoona. Nyengo zogulitsa fodya ndikabwera kudzathandiza, Mayi ankandisiyira chiwongolero, iwo n'kumandikalipira ali pambali. Ndinapukuta manja pa kapulana, ndinakwera, ndinaliza. Nditaponda pang'ono, mawu anali ena. Anali akuthwa, okwera, ngati a galu wamng'ono amene waona nyama. Bambo anatsegula maso n'kugwedeza mutu kamodzi. Ndinazungulira chigafa, ndipo khamu lonse likuti amen, mphuno ya Tonde inatulukira pabwalo.

Anayala matiresi kumbuyo, anaikapo bokosi, analimanga ndi zingwe ndi malegeni. Linatulukira kumbuyo pang'ono, ndipo amayi analiphimba ndi makapulana awo mpaka linaoneka ngati munda wa maluwa. Bambo anawakweza pampando wapambali panga, ndodo ili pakati pa miyendo. Wonyamula mtanda anatsogola, akwaya pambuyo pake, kenaka ife pa giya yaing'ono, kenaka khamu lonse.

Dzuwa linali lobaya, la mvula. Tinadutsa pakati pa minda ya chimanga chimene chinali chitamasula ngaiyaye, ndi ya fodya wa masamba otambalala. Anthu ankatuluka m'minda, amuna n'kuvula zipewa, ena n'kusiya makasu m'mizere n'kulowa pamzere wathu. Chitunda choyamba Tonde anakwera osatsokomola n'komwe. Chachiwiri chimodzimodzi. Nyimbo inkayenda pang'onopang'ono monga mwa maliro, koma ndinkaona anthu akuyang'anana, akukodolana. Kumbuyo kwathu mabingu anayamba kugunda chapatali.

Mtsinje tinaupeza uli wofiirira, wofika m'maondo. Bambo anandiuza kuti madzi akalowa m'chivindikiro chija, lamba aterera ndipo ntchito yonse yam'mawa ithera pomwepo. Anati ndilowe mofatsa, ndisaime, ndisathamange. Amuna anavula nsapato n'kuyenda mbali zonse ziwiri atagwira bokosi. Ndinamva miyala ikugubuduka pansi pa matayala, madzi akunyambita pansi pa mapazi anga, kenaka matayala akutsogolo anagwira mtunda. Amayi anaoloka atagwirana manja, makapulana atakwinyira m'mwamba, nyimbo osaidula.

Kuchoka apo njira inangokhala yokwera. Mphepo inayamba kuzizira, mitengo n'kufupika, ndipo ukacheuka unkaona chigwa chonse chili pansi, madenga a malata akuphethira apa ndi apo. Madala a ku njanji anayamba kupuma mwawefuwefu. Tonde ankalirabe pammero.

Kenaka tinafika pa Tulamtolo. Ndi chitunda chomaliza, ndipo anachipatsa dzinalo chifukwa palibe amene amachikwera osatula mtolo pakati. Mvula inali itachikumba ngalande ziwiri zakuya, ndipo chapakati pali thanthwe lopendekeka limene limatuluka ngati bondo. Ndinaima m'munsi mwake. Bambo anapempha kuti wonyamula mtanda ndi akwaya apatuke, chifukwa apa sipokwera chokwawa. Ukayamba pang'onopang'ono umathera pathanthwe, ndipo ukaima pamenepo umabwerera chambuyo ndi zonse wanyamula.

Malume anabwera kufupi. "Alamu, maliro sathamanga."

"Mlongo wanuyu munamuonapo akukwera apa pang'onopang'ono?" anafunsa Bambo.

Malume anayang'ana chitunda, anayang'ana bokosi. Anavula jekete n'kupatsa munthu amene anali pafupi. Kenaka munthu wamkulu uja, wa imvi mutu wonse, anakwera kumbuyo, anagwada pambali pa bokosi, dzanja limodzi n'kukolekera pachitsulo, lina n'kukumbatira mlongo wake.

Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono kuti ndipeze poyambira. Ndinayang'ana Bambo, iwo anali akuyang'ana kutsogolo, ndipo nkhope yawo inali ngati ya mwana amene wakwera sitima koyamba.

"Ponda!"

Ndinaponda. Injini inakuwa, inakwera mawu mpaka pamene Bambo ankafuna, n'kukhazikika pomwepo osatsika. Kenaka lamba anagwira, Tonde n'kudumphira kutsogolo. Matope anauluka mbali zonse. Ndinaika matayala pamitumbira ya pakati pa ngalande monga ankachitira Mayi, chiwongolero chikundikutumula mikono. Kumwamba kokha n'kumene ndinkaona, ndi nsonga za udzu zikuthamangira kumbuyo. Titafika pathanthwe, matayala akumbuyo anatsetserekera kumanzere, galimoto yonse n'kupendekeka, ndipo phazi langa linafuna kuchoka lokha.

"Usachotse! Ponda, mwananga, ponda!" Bambo ankamenya pansi ndi ndodo.

Kumbuyo ndinamva Malume akukuwa, osati kwa ine ayi, koma kwa amene anali m'bokosi: "Gwiritsani, achemwali! Gwiritsani, tafika!"

Tayala linapeza pogwira. Tonde anadzikoka, analumpha thanthwe lija, n'kupitirira ngati wakumbukira kwawo.

Sindikudziwa amene anayambitsa. Nyimbo ya maliro ija inaduka pakati, m'malo mwake munamveka nthungululu, imodzi, kenaka phiri lonse. Nditafika pamwamba n'kuima, ndinacheuka. Khamu lonse linali likuthamanga chokwera. Amuna a masuti ankakwawa ndi manja, amayi atanyamula nsapato, madala a ku njanji akugwedeza zipewa m'mwamba, wonyamula mtanda atausenza paphewa ngati khasu. Akatekista anali pakati pawo, buku lili kukhwapa, akukuwa zimene sindinamve. Ndinapeza kuti nanenso ndikukuwa, ndikuseka, misozi ikulowa m'kamwa. Bambo anaweramira kumbali, ananunkhiza, n'kunena kuti lamba sanapse. Malume anali akadali chigwadire, atakumbatira bokosi, mapewa akugwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira.

Mudzi unali pafupi. Okalamba amene sanathe kutsika anali atatuluka kale m'nyumba, chifukwa anamva mawu a Tonde ali kutali, mawu amene anali atasowa kumeneko chichokereni Mayi. Ana anathamanga kudzatichingamira. Mayi wina ananyamula mwana wake m'mwamba n'kumandiuza kuti uyu anabadwira kumbuyoku, pamene pali bokosipo, asanafike kuchipatala. Kenaka panabwera gogo wina amene maso ake anachita khungu. Anapapasa mphuno ya galimoto, anapapasa mpaka pampando, anandigwira mkono mwamphamvu, n'kunditchula dzina la Mayi. Anayamba kundikalipira kuti ndinakhalitsa bwanji kutauni osabwera kudzawaona. Anapitiriza kupapasa chakumbuyo, dzanja lake linapeza makapulana, linapeza thabwa pansi pake. Anaima. Kulira kumene analira kunabweza maliro pamalo pake, ndipo amene ankafika akuseka anayamba kulira asanapeze n'komwe mpweya.

Manda anali atakumbidwa kale m'dothi lofiira, pansi pa mitengo ya masuku, pambali pa timitumbira tiwiri tating'ono. Gawo lomaliza ananyamula bokosi pamapewa, ndipo Bambo anawanyamula pampando. Akatekista ulendo uno sanatalikitse. Bambo anaponya dothi lawo ndi dzanja lonjenjemera lija, ine ndinaponya langa ndi dzanja lakuda ndi girisi. Adzukulu akuunda mtumbira, madontho oyamba anagwa, akuluakulu, amodziamodzi. Nkhata za maluwa zinaikidwa mvula itayamba kale kukhuthuka.

Anthu anathawira m'zigafa za fodya ndi m'makhonde, ndipo chakudya anadyera momwemo, atapanikizana. Paliponse pamene ndinadutsa nkhani inali imodzi. Wina ankati matayala onse anayi anachoka pansi. Wina ankati anaona bokosi likugwedeza mutu. Mdzukulu wa botolo uja ankauza aliyense kuti pakanapanda iye, bwenzi tikadali kumunsi. Mtsinje unasefukira, moti onse ochokera kumunsi anagawidwa m'nyumba za m'mudzimo kuti agone.

Madzulo tinatsegula nyumba ya makolo anga. Munkanunkha mbewa ndi fodya wakale. Amayi anasesa, anayatsa nyali, n'kupita kukathandiza alendo, ndipo amuna anga anawatsatira. Malume analowa atanyoweratu, akutsimphina, bondo litatupa. Anakhala pansi pang'ono. Podzuka anaika dzanja paphewa langa.

"Tsiku langa likadzafika, udzandikweze iweyo," anatero. "Koma pathanthwe paja udzachepetseko."

Anatuluka. Tinatsala awiri, ine ndi Bambo. Mvula inali itachepa, ikungowaza padenga. Kutali m'mudzi kunkamveka mawu a anthu, kenaka nawonso anazilala. Bambo anakhala pampando wawo wakale pafupi ndi zenera, suti ili matope okhaokha. Anayang'ana denga, anayang'ana makoma, anayang'ana chitseko cha kuchipinda chimene chinali chotseka. Manja awo ankayendayenda pamaondo.

"Palibenso china chofuna kukonza?" anafunsa.

Ndinayang'ana uku ndi uku. Ndinawauza kuti chogwirira cha ketulo chagwedera. Ndinawabweretsera ketuloyo, anailandira ndi manja awiri, anaitembenuza, anapeza pamene panamasuka. Sanapemphe chomangira. Anaikumbatira pachifuwa, anawerama, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirireni Mayi ndinawamva Bambo akulira. Ndinakhala pansi pafupi ndi mwendo wawo wodwala uja, n'kutsamira mutu pabondo pawo, mpaka mvula inaleka.